A Reino Pelto ndi Madisiki Owonongeka

Malemu alamu anga, a Reino Pelto, analowa ntchito kumgodi wa chitsulo ali mnyamata wopanda ndevu, n'kudzachokako imvi zitayamba kutuluka m'mbali mwa mutu. Ntchito yawo inali yoyang'anira malamba onyamula miyala kuchokera pamakina ophwanyira. Tsiku lonse ankayenda m'mbali mwa lamba, khutu lili tcheru, kumvetsera ngati pali kagudumu kamene kayamba kulira mwachilendo. Ntchitoyi inawagonthetsa pang'ono, ngakhale iwo ankakana kwamtuwagalu. Inawasiyiranso khalidwe losakhulupirira chinthu chimene sanachione okha. Mng'ono wanga Lorna, yemwe anali mkazi wawo, akakhoma chitseko, a Reino ankabwerera kukachigwedeza. Ine ndikawauza kuti kunja kukugwa chipale chofewa, ankapita pawindo.

Mgodi utatsekedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, tauni yathu kuno kumpoto kwa Minnesota inangoti zii. Amuna amene ankadzuka kusanache anayamba kukhala m'malesitilanti ndi kapu imodzi ya khofi mpaka masana. Ena anasamuka. A Reino anapita kumaphunziro a kompyuta amene ankaperekedwa kwa anthu ochotsedwa ntchito, atauzidwa kuti ntchito za mawa zili kumeneko. Maphunziro anatha, satifiketi anaipachika pakhoma, koma ntchito za mawazo kwathu sizinafike. Chimene chinafika m'nyumba mwawo ndi kompyuta yakale imene anagula kwa munthu wina yemwe shopu yake ya matayala inali itagwa. Anaiika m'chipinda chimene kale ankagonamo mwana wawo wamkazi, n'kulamula kuti wofuna kulowamo azigogoda.

Ine ndinalowa nawo kalabu ya kompyuta mokakamizika. Kuofesi yogulitsa matabwa kumene ndinkataipa makalata anandichotsera taipulaita yanga n'kundiikira chikompyuta patebulo, wondiphunzitsa palibe. Kalabuyo inkakumana Loweruka masana, kamodzi pamwezi, m'chipinda chapansi pa tchalitchi chathu. Kunkabwera aphunzitsi, alimi awiri atatu, ndi amuna ambiri a kumgodi amene analibe kopita. Chuma chathu chonse chinali makatoni a nsapato odzaza ndi madisiki aja akuluakulu, opyapyala, opindika ukawagwira mosasamala. Munali mapulogalamu aulere, ena a masewera, ena olembera makalata, ena ophunzitsa ana masamu. Munthu ankabwereka disiki, kukakopera kunyumba, n'kudzabweza mwezi wotsatira.

Tsiku losankha woyang'anira makatoniwo aliyense anayang'ana pansi. Ndiye a Stanko Zupan anakweza dzanja. A Stanko anali mnzawo wa a Reino kuyambira ali ana. Anaphunzira limodzi, analowa mumgodi limodzi, anachotsedwanso tsiku limodzi. Anali munthu wathupi, waphokoso, ndipo kumisonkhano ankabwera ndi buledi wa mtedza ndi uchi wophika akazi awo, a Milka.

"Mpatseni Reino," anatero a Stanko. "Munthuyu akusowetsa mtendere mkazi wake. Dzulo ndamupeza akumasula wailesi yoti ikuyimba bwinobwino."

"Inali ndi kaphokoso," anayankha a Reino.

"Kaphokoso ungakamve iwe? Gonthi ngati iwe?"

Anthu anaseka. Tcheyamani wathu a Dale Hovland, amene anali ndi sitolo ya mankhwala m'tauni, anati ovomereza akweze manja, ndipo manja onse anakwera msanga, aliyense akuthokoza kuti zamuphonya. A Reino ananyamula makatoniwo kupita nawo kugalimoto ngati anyamula mazira.

Disiki mkati mwake imagawidwa timagawo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Kagawo kamodzi kakawonongeka, kunja disiki imaoneka yabwinobwino, koma pulogalamu imaima pakati, kompyuta n'kulemba kuti yalephera kuwerenga, n'kukufunsa ngati iyesenso kapena isiye. Umati iyesenso, iyo n'kufunsanso zomwezo. Ine ndinatayapo kalata yaitali mwanjira imeneyi, ndipo mawu amene ndinatulutsa tsikulo sindingawabwereze pano. A Reino anali ndi pulogalamu yofufuzira malo owonongekawo. Ukalowetsa disiki m'chowerengera, kabokosi kokhala ndi kakhomo kutsogolo, n'kutaipa lamulo, pulogalamuyo inkayenda disiki yonse kagawo ndi kagawo. Pabwino inkalemba kadontho kobiriwira pasikirini yakuda. Powonongeka inkazengereza, kuyesa, kuyesanso, kenako n'kulemba X. Inkachedwa moti ukanatha kutereka khofi n'kumwa isanamalize disiki imodzi, koma a Reino sankachoka pampando. Maso ankangoti dwii patimadonthoto mpaka kotsiriza.

Disiki yobwezedwa ankaifufuza. Yoti ibwerekedwe ankaifufuzanso. Miyezi yoyamba zinayenda bwino, ndipo Lorna anandiuza kuti amuna ake ayambanso kuimba mluzu pometa ndevu.

Mavuto anayamba itadutsa Khirisimasi. X mmodzi apa, awiri apo. Pofika Febuluwale a Reino anali ndi katoni yapadera ya madisiki akufa, ndipo inkadzaza msanga. Ena mwa akufawo anali ndi mapulogalamu amene kalabu inalibe pena powapeza, moti ankachita kupempha kumakalabu akutali n'kudikira masabata kuti afike papositi. Kumsonkhano wa Malichi a Reino anabwera ndi malamulo.

"Madisiki akuwonongeka m'manja mwanu," anatero ataimirira, katoni ya akufa ili patsogolo pawo. "Kwa ine amachoka ali bwino. Ndimawafufuza ndekha. Akabwera, ma X okhaokha. Ndiye kuyambira lero, wosuta fodya azisutira panja. Pabowo pooneka zakudazi osagwirapo. Osaika disiki pamwamba pa TV kapena pafupi ndi foni. Osalembapo ndi bolopeni. Ndipo musanagwire katoni, sinki ili uko."

"Tizivulanso nsapato?" anafunsa a Stanko, buledi ali mkamwa.

"Iwe ndiye usayambe. Theka la akufawa ndi amene unabwereka iwe."

"Chifukwa wobwereka ndine, aise. Anzakowa amangobwerera khofi waulere."

Zinali zoona. A Stanko anali ndi ana anayi okonda masewera a pakompyuta, ndipo mwezi uliwonse ankatenga madisiki odzaza dzanja. Koma a Reino anali atapeza kale womuloza chala. Kuyambira pamenepo disiki iliyonse yochoka kwa a Stanko ankaifufuza kawiri, katatu, ndipo ulendo uliwonse ma X ankachuluka. Iwo ankati ndi fumbi limene lalowa mkati, likupitiriza kudya. Tsiku lina anapita kwa a Stanko ngati akukabweza chobowolera madzi oundana chimene anabwereka powedza, koma cholinga chinali kukaona pamene kompyuta imakhala. Anaipeza kukhitchini, pafupi ndi sitovu, galu atagona pansi pa tebulo, ana akudya zitumbuwa pomwepo.

Kumsonkhano wa Epulo a Stanko atafika pakatoni, a Reino anaika dzanja pachivundikiro.

"Iwe lero ayi."

"Ayi chiyani?"

"Subwereka. Mpaka uchotse kompyuta kukhitchini kuja."

A Stanko anaseka, kuyesa nthabwala. Ataona nkhope ya mnzawo, kuseka kunatha.

"Reino, ukunena zoona? Pamaso pa anthu?"

"Nyumba yako ndaiona. Mafuta pakhoma, galu pansi pa tebulo, ana zala zili jamu yekhayekha. Disiki ingapulumuke bwanji m'menemo?"

Aliyense ankadziwa kuti nthawi imeneyo a Milka ankagwira ntchito ziwiri kuti banjalo lidye.

"Nyumba yanga imeneyo," anatero a Stanko pang'onopang'ono, "wadyamo kangati iwe? Unadwalapo?" Anatenga chipewa chawo. "Khala nawo madisiki akowo. Uwakwatire."

Anakwera masitepe n'kumenyetsa chitseko. A Hovland anatsokomola n'kunena kuti tipitirize ndi nkhani yotsatira.

Pobwerera ndinakwera galimoto ya alamu anga, ndipo sindinawabisire.

"Alamu, pamene paja mwalakwitsa."

"Ndanama?"

"Simunaname, koma mwalakwitsa."

"Mudzaona mwezi wamawa. Ma X atha."

Sanathe. A Stanko anasiya kubwera, koma katoni ya akufa inadzaza, n'kuyambika yachiwiri. A Reino anayamba kuyang'ana aliyense ndi diso la wapolisi. Mphunzitsi wina anamuuza kuti choko cha m'zovala zake ndi chimene chikulowa m'madisiki. Mlimi wina anamufunsa ngati amasamba m'manja akachoka kukhola. Anthu anayamba kuopa kubwereka, moti ena ankangopatsana madisiki panja, poimika magalimoto, a Reino asakuona. Kenako inafika nthawi yanga.

"Alamu, disiki munabweza ija yadzaza ma X."

"Sindinaigwiritse n'komwe ntchito. Inangokhala m'chikwama mwezi wonse."

"Chikwama chiti? Ichi?" Anachitenga osapempha n'kuyamba kutsegula ndi kutseka. "Mwaona? Chotsekerachi ndi maginito. Maginito amawononga disiki."

"Ndi batani wamba, alamu."

"Mungadziwe bwanji?"

"Ndinasokerera ndekha!"

Anandibwezera chikwamacho, koma ndinaona kuti sanakhutire. Mwezi wotsatira anandibweretsera kabokosi kapulasitiki kuti ndizinyamuliramo madisiki, n'kundisonyeza katsegulidwe kake ngati ndine mwana wa sitandade wani. Ndinatsala pang'ono kuwagenda nako.

Kunyumba kunali kovuta kuposa pamenepa. Lorna ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, kudzutsa ndi kusambitsa anthu tsiku lonse, ndipo akaweruka ankapeza mbale zam'mawa zili musinki, kapinga atakula, a Reino ali m'chipinda chitseko chotseka. Anali atagula madisiki otsukira chowerengera, n'kumatsuka mlungu uliwonse. Anamata tepi m'mphepete mwa windo kuopa fumbi lofiira la kumgodi, limene ankati lili ndi chitsulo. Analetsa Lorna kudutsa pafupi ndi chipindacho ndi makina okoka fumbi, akuti mota yake ili ndi maginito. Loweruka madzulo, nthawi imene kuyambira pamene anakwatirana ankasonkha moto m'kanyumba kawo ka sauna kosambiramo nthunzi yotentha, nkhuni zinkangokhala pamulu.

"Achemwali, ine zandikwana," anandiuza Lorna tsiku lina. "Akanakhala kuti akumwa mowa ngati amuna enawa, bwenzi ndikudziwa kokadandaula. Koma ndikauze ndani kuti amuna anga akudwala timadontho? Palibe amawathokoza. Mnzawo weniweni anali mmodzi yekha uja, amupitikitsa."

"Walankhula nawo?"

"Ndikayamba amati dikirani imalize iyi. Ikamaliza alowetsa ina."

Ine a Reino ankandipsetsa mtima, koma ndinkawamvetsa pang'ono. Kwa zaka zambiri lamba wamkulu sankayenda popanda iwo kuvomereza. Tsopano anali atapatsidwa makatoni a nsapato okha kuti asamale, ndipo nawonso ankawonongeka iwo akuona.

Zinadziwika Lamlungu lina mu Juni. Titachoka kutchalitchi ndinapita kwawo kukadya nkhomaliro. A Reino anali atagula paketi ya madisiki atsopano, yomata ndi pulasitiki, kuti akoperemo mapulogalamu amene anatsala. Anaitsegula okha atasamba m'manja. Disiki yoyamba anaikonza n'kuifufuza, ndipo panatuluka madontho okhaokha. Munthu wina akanasiyira pomwepo. Iwo anafufuzanso kuti atsimikize, kenako kachitatu.

Ife tili kukhitchini tinangoona atulukira pakhomo, disiki ili m'manja, nkhope itagwa.

"X," anatero. "Yatsopano. Palibe waigwira. Sinatuluke m'chipinda muja."

"Ndiye mukabweze kusitolo," anayankha Lorna akupakula mbatata.

"Yachiwirinso chimodzimodzi. Koyamba bwino, kachiwiri bwino, kachitatu X."

Chitseko cha chipinda chija anali atachisiya chotsegula, zimene sankachita, ndipo chowerengera chinali chikadazunguza disiki ina. Kuchokera kukhitchini tinkamva kakulira, tswii, tswii, tswii.

"Komatu kamakina kanuko kamandinyansa," anatero Lorna. "Simungakathire mafuta? Kangokhala tswii tswii ngati wilibala."

"Kakulira?"

"Simukumva?"

A Reino anapendeketsa mutu. Ine ndinkamva bwinobwino. Iwo sankamva kanthu.

"Kanayamba liti?"

"Kalekale. Cha ku Khirisimasi konkuja. Ndimakamva ndikamadutsa pakhomopo."

"Khirisimasi! Ndiye osanena bwanji?"

"Ndinene chiyani? Ine ndimadziwa kaliridwe ka makompyuta? Munati ndisalowemo, ndisasese, ndisatsokomole pafupi. Ndimayesa ndi mmene amalirira."

A Reino anabwerera m'chipinda. Ife tinawatsatira, ndipo sanatiletse. Anazimitsa kompyuta, anamasula chivundikiro cha chowerengera, n'kusuzumira mkati ndi galasi lokulitsira zinthu limene ankagwiritsa ntchito pomanga mbedza. Kamutu kowerengera, kamene kamakhudza disiki ikamazungulira, kanali katabenthuka m'mphepete, pang'ono chabe, ngati kanjere ka mchere. Anatenga disiki yatsopano ija n'kupita nayo pawindo, n'kumaizunguza pang'onopang'ono ndi zala ziwiri pabowo la pakati. Pakuwala panaoneka kamzere kowonda kozungulira, kokandika. Anakoka katoni ya akufa. Disiki yoyamba inali ndi kamzere. Yachiwiri inali ndi tiwiri. Madisiki amene ankabwereka a Stanko, aja ankawafufuza kawiri katatu, anali ndi timizere tambirimbiri, chifukwa pulogalamu ikakayikira malo inkabwereza pomwepo, kamutu kaja n'kumakanda pomwepo.

Anakhala pampando, galasi lili m'manja. Lorna anali ndi zambiri zoti akananena, koma anangoti chakudya chikuzizira. Ine ndiye sindinathe kudzigwira.

"Ndiye chikwama changa chilibe mlandu, alamu?"

Lorna ananditsina pamkono.

"Chilibe," anatero a Reino. Tsiku limenelo sanadye.

Msonkhano wa Julaye anaukonzekera ngati akupita kukhoti. Anavala jekete la kutchalitchi, ananyamula makatoni onse awiri a akufa, ndi chowerengera chija chili chomasula. M'galimoto anandiuza kuti akudziwa kuti awachotsa paudindo, ndipo n'zoyenera. Koma inali nyengo yotentha, ndipo amuna ambiri anali atapita kukawedza. Tinabwera anthu owerengeka, ndipo onse anaunjikana pakompyuta yatsopano ya a Hovland. Imeneyo inali ndi disiki yolimba yomangirira mkati, yosatulutsa, yoti akuti munkalowa zonse za m'makatoni athu.

A Reino anaimirira n'kukonza kukhosi.

"Ndili ndi mawu. Amene anawononga madisiki aja si inu. Ndine. Chowerengera changa chinabenthuka kamutu, ndipo disiki iliyonse imene ndinkafufuza ndinkaikanda. Ndinanyoza anthu popanda chifukwa."

"Aa, pepani," anatero a Hovland, maso ali pasikirini yawo. "Zimachitika. Mwagula china?"

"Ndagula. Koma ndikunena kuti miyezi yonseyi..."

"Ndiye zatha bwino. Zikomo a Pelto chifukwa cha lipoti. Tabwerani mudzaone kuno. Sulowetsa kanthu, imangoyamba yokha."

Mlimi uja anafunsidwa za kukhola anangoti, "Ine ndimadziwa kuti manja anga ndi oyera," n'kutembenukiranso kukompyuta yatsopanoyo. Basi. Palibe anafuna kuona kamutu kobenthukako, ngakhale a Reino anali atabweretsa galasi lawo kuti aliyense adzionere yekha.

Pobwerera anali okwiya kuposa mmene ndinawaonerapo.

"Zimachitika! Mwamva, alamu? Zimachitika! Chisanu chonse chija ndakhala ndikuwononga katundu wa kalabu, ndatukwana anthu, iye akuti zikomo chifukwa cha lipoti."

"Mumafuna akumenyeni?"

"Ndimafuna afunse! Afunse kuti zinatheka bwanji, kuti mawa zisadzachitikenso. Chidisiki chakecho akuganiza kuti sichiwonongeka? Anachifufuzapo? Sanachifufuze. Sadziwa n'komwe kuti chimafufuzidwa."

Panatsala a Stanko. A Reino anazengereza masabata angapo, akuti akufuna apeze kaye mawu oyenera. Ine ndi Lorna tinkawakakamiza, chifukwa tinali titamva mphekesera yoti banjalo likufuna kusamuka, koma sitinkadziwa kuti ndi zamsanga. Tsiku limene anapitako anapeza chikwangwani chogulitsa nyumba pakapinga, makatani atachotsedwa m'mawindo. A Stanko anali atapeza ntchito yowotcherera zitsulo ku Minneapolis, n'kunyamuka osatsanzika.

Nambala ya foni anaipeza kwa mchemwali wa a Stanko. Anaimba Lamlungu masana ine ndilipo, ndipo poti a Reino ankakuwa pafoni ndipo a Stanko sankadziwa kunong'ona, tinamva zonse.

"Ndani? Reino? Wapolisi wa madisiki? Ndilibe ako, ndinabweza onse."

"Stanko, tamvera. Sunali iwe. Chinali chowerengera changa."



"Bwerezanso, foni ikuvuta."

"Ndati chinali chowerengera changa!"

"Ndinamva koyamba komwe, ndimangofuna ndimvenso." A Stanko anaseka, koma kusekako kunatha msanga. "Ukudziwa kuti Milka anamva zimene unanena zija? Anthu anamuuza kusitolo. Anatsuka makoma a khitchini akulira, atangoweruka kuntchito. Ine za madisiki sindinadandaule, aise. Kompyutayo ndinagulitsa kale, ana akuonera TV."

"Mpatse foni ndimupepese."

"Ali kuntchito. Ndimuuza."

"Umuuze kuti ine..."

"Ndimuuza, Reino. Nsomba zikudya kumeneko?"

Anakamba za nsomba pang'ono n'kutsanzikana. M'zaka zotsatira a Stanko ankabwera nyengo yosaka agwape, ndipo akakumana ndi a Reino ankaseka n'kunyozana ngati kale. Koma ankafikira kwa mchemwali wawo, ndipo a Milka sanapondenso pakhomo pa Lorna.

Paudindo a Reino sanachotsedwe, poti panalibe woufuna. Anatha chaka chathunthu akubwezeretsa zonse zimene zinawonongeka, kupempha uku ndi uku, kukopera, kufufuza. Tsopano ankafufuza kamodzi kokha, ndipo asanayambe ankaitana Lorna kuti adzamvetsere ngati chowerengera chikulira. Lorna ankabwera ndi supuni m'manja, kuima pakhomo, kunena kuti palibe, n'kubwerera. Pamene makatoni ankadzazanso, obwereka anali atatsala ochepa kwambiri.

Kenako mgodi unatsegulidwanso ndi eni ake atsopano, n'kuyamba kuitana anthu akale. A Reino anapita atameta bwino. Anawalowetsa m'kachipinda, kuwaveka zomvetsera m'makutu, n'kuwauza kuti akamva kulira akweze dzanja. Anakhala dzanja lili pabondo, kudikira kuti mayeso ayambe, mpaka namwino anatsegula chitseko n'kunena kuti atha. Ntchito ya malamba sanawapatse. Anapeza ina kusukulu ya sekondale, yokolopa, kukonza mipope ndi kukhoma zitseko, ndipo anaigwira mpaka kupuma.

Ntchito ya kusukuluyo inkafuna ndi Loweruka lomwe, choncho anayenera kutula makatoni a kalabu. A Hovland anati awasunga kusitolo kwawo mpaka atapezeka wina. Anabwera kudzawatenga masana ena mu Ogasiti, dzuwa likuswa mtengo. A Reino anali atakonza zonse, disiki iliyonse m'kathumba kake, ndipo anayamba kufotokoza kasungidwe kake. A Hovland ankangogwedeza mutu akuyang'ana wotchi. Ananyamula makatoniwo n'kuwaika kumbuyo kwa galimoto, pansi penipeni pa galasi, n'kutseka zitseko. Kenako anaona mnzawo kutsidya la msewu, n'kupita kukacheza naye.

A Reino anaima pawindo la pabalaza.

"Awasiya padzuwa."

"Si anunso," anatero Lorna.

"Apindika. Pulasitiki imeneija ikatentha imapindika."

"Reino, khalani pansi."

Anakhala. Anaimiriranso. A Hovland kutsidya kuja anali atayedzamira mpanda, akuseka, manja akulozaloza. A Reino anatenga bulangeti limene linali pampando n'kutuluka ndi masokosi okha.

"A Hovland! Makiyi!"

A Reino anatsitsa makatoniwo n'kuwaika pansi, pakati pa mipando, n'kuwafunditsa bulangeti lija. A Hovland anathokoza kawiri, anayatsa galimoto, n'kumapita.

"Bulangeti langa mwapereka?" anafunsa Lorna atalowa.

"Abweza."

Sanabweze. Kalabu inatha chaka chotsatira, anthu atangosiya kubwera. Patapita zaka a Hovland anagulitsa sitolo yawo, ndipo mtsikana amene ankathandiza kuchotsa katundu anandiuza kuti anapeza makatoni a nsapato m'chipinda chapansi, pafupi ndi mpope wodontha, madisiki atamatirirana ndi nkhungu. Anawataya onse pamodzi ndi bulangeti. Ine ndi Lorna tinagwirizana kuti a Reino tisawauze, ndipo sitinawauze.